Mapiko a Nichifor, Nsalu Zanga

Anthu amati mlongo wanga Nichifor Ursache ndiye anali woyamba kuuluka pa ndege kuno kwathu. Ena amati ayi, nzeruzo anaba kwa bwana wake wa ku Jeremani. Azikangana okhaokha, ine sizindikhudza. Chimene ndikudziwa n'chakuti mapiko amene anaulukira aja anali nsalu zanga za ukwati.

Kwathu ku Stupina mtsikana sakwatiwa ndi nkhope, amakwatiwa ndi bokosi. Ukangoyamba kudziwa kupota ulusi, umayamba kulidzaza: nsalu zoyala pabedi, malaya, ndi matawulo opeta oti udzamange pamkono pa aliyense wothandiza pa ukwati wako. Zonse uwombe ndi manja ako. Pa tsikulo bokosi limakwera ngolo ya ng'ombe lili chitsegukire, n'kuzungulira mudzi, amayi onse akufinya nsalu ndi zala. Langa linali litadzaza mpaka chivundikiro kukana kutseka. Gligor, mnyamata woweta njuchi, anali atandifunsira. Mayi ake, a Paraschiva, anabwera kudzaliona. Anapekesa nsalu iliyonse, anainunkhiza, anaiyang'ana padzuwa, ndipo atasowa potola chifukwa anapempha madzi akumwa. Tinapangana kuti ukwati udzakhala tikatha kuthyola mphesa.

Chisanu chitangotha, Nichifor anatulukira kuchokera ku Jeremani ndi mabokosi a zitsulo, injini imodzi ndi ndevu zopotana za pamlomo. Bambo athu anali atamwalira kale, ndiye panalibe womuletsa. Anatulutsa ng'ombe m'khola, n'kuyamba kukhoma chinthu chake m'menemo. Amayi ankamuperekera chakudya komweko, akuyenda monyang'ama ngati alowa m'tchalitchi. Mafupa a ndege anatha, koma khungu linavuta. Nsalu imene anagula kutauni inkang'ambika akangoikoka.

Tsiku lina anandipeza kumtsinje nditayanika nsalu zanga paudzu kuti ziyere. Anatola imodzi, anaiika pakamwa n'kuuzira.

"Iwe Zamfira, mphepo sikudutsa apa. Undibwereke."

"Achimwene, kodi mutu wanu ukuyenda bwino? Zimenezi n'za ukwati."

Anaseka, nati ukwati ulipo chaka chilichonse koma kuuluka kulipo kamodzi. Ndinamuuza kuti akauluke ndi thalauza lake. Ndinasonkhanitsa nsalu zanga, ndinakhoma bokosi, kiyi n'kupatsa amayi kuti andisungire.

Mawa lake ndinapita kukapalira chimanga. Pobwera ndinapeza bokosi lili yasa, pansi pake pakuoneka. Ndinathamangira kukhola. Nsalu zanga zinali zitadulidwa kale, zitakungidwa pa mafupa aja, zitapakidwa mankhwala onunkha oti zilimbe. M'mphepete mwake, momwe ndinapeta maluwa ofiira, anadulamo n'kutaya pansi pa ndowe, ati ulusi wopeta ukulemera. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndinamugenda ndi nyundo yake yomwe, mwatsoka ndinamuphonya. Amayi anaima pakhomo n'kumati ndisachititse manyazi banja, mlongo wanga akugwirira ntchito dziko lonse. Iye anandigwira paphewa ndi manja a mafuta, nalonjeza kuti adzandibweretsera nsalu zimene amavala akazi a nduna. Ndikanakamusumira kwa yani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Anauluka pa tsiku la Petro Woyera, padambo podyetsera nkhosa. Anthu anabwera kuchokera m'midzi yonse ya m'chigwa. Wansembe anawaza madzi odalitsa, injini inabangula, akavalo anadula zingwe. Chinthu chija chinathamanga, chinadumphadumpha, kenaka chinasiya nthaka. Sindinama, mtima wanga unadumpha nacho limodzi, ndipo ndinapezeka ndikulira ndi chimwemwe pamene ndinkafuna kulira ndi ukali. Ndinkadziwa nsalu imene inali kuphiko la kumanzere, chifukwa ndinaiwomba ndikudwala dzino. Anazungulira tchalitchi, n'kukatera m'dimba la kabichi la mphunzitsi. Anyamata anamunyamula pamapewa, Gligor ali pomwepo.

A Paraschiva anali ataima pambali panga. Sanaombe m'manja. Anangoloza kumwamba ndi chibwano.

"Waona, mwanawe? Ukwati wako ndi uwo unali m'mitambo uja."

Kuchokera tsikulo Nichifor sanalinso wathu. Anamutengera ku likulu la dziko, ku Bukaresti, nkhope yake inafika mpaka pa mapaketi a fodya. Lamulungu lililonse mphunzitsi ankaima pakhomo pa tchalitchi n'kutiwerengera nyuzipepala. Poyamba zinali zotamanda zokhazokha. Kenaka zinayamba zina. Mjeremani uja anati ndegeyo ndi yake, Nichifor anangosintha mchira. Akuluakulu a asilikali amene anaphunzira kuuluka ku Faransa ankamutcha kalipentala wa kumudzi. M'tauni ina anakana kuuluka chifukwa cha mphepo, anthu amene anadikira tsiku lonse padzuwa n'kumugenda ndi miyala. Anamenya khofi mtolankhani. Anayenda ndi mkazi wa mwini wake. Kumalo omwera mowa amuna a ku Stupina ankagulula mano a anzawo pokangana ngati Nichifor ndi ngwazi kapena mbala, pamene ambiri a iwo sankadziwa n'komwe kumene kuli Jeremani.

Zonsezo ndinkangomva ngati mvula ya kutsidya. Imene inandilasa ndi iyi: mtolankhani wina anamufunsa za nsalu ya mapiko, iye n'kuyankha kuti anachita kuitanitsa ku Faransa. Mphunzitsi anawerenga mawuwo, anaima pang'ono, ndipo mudzi wonse unatembenuka kundiyang'ana.

Mphesa zitapsa, Nichifor anabwera pa galimoto, yoyamba kuponda msewu wathu, itadzaza mipukutu ya nsalu za m'sitolo. Zinali zokongola, zoterera, zina zonyezimira. Akanafika nazo kunyumba kaye, ndikanamuuza. Koma munthu amene wazolowera kuomberedwa m'manja safunsa njira. Anapita molunjika kwa a Paraschiva, ana onse a m'mudzi akuthamanga pambuyo, n'kuyamba kutambasula mipukutuyo pampanda wawo kuti aliyense aone. Anali atakhalitsa kunja moti anaiwala kuti kwathu nsalu yogula pa ukwati ndi chitonzo. Imatanthauza kuti mtsikanayo ndi wamanja lende.

A Paraschiva anatuluka akupukuta manja. Sanaikhudze n'komwe nsaluyo.

"Bwana wouluka," anatero, "mwana wanga akwatira munthu, sakwatira sitolo. Pindani izi, mukuopsa nkhuku zanga."

Anthu anaseka chikhakhali. Nichifor anafiira makutu, anaponya mipukutu m'galimoto, n'kunyamuka osadya n'komwe nkhuku imene amayi anamuphera. Amayi anati cholakwa ndi changa, ndine ndinamukwiyitsa ndi nkhope yanga.

Komabe a Paraschiva sanali opusa. Chibale ndi munthu wotchuka ankachifuna, ndipo manja anga ankawadziwa. Anatumiza mawu akuti ndiyambirenso. Gligor adikira kufikira mng'ono wake Axinte atabwerako ku usilikali, osapitirira apo, chifukwa wamng'ono sakwatira mkulu wake ali chikhalire.

Ndiye ndinayambanso. Ndinafesa fulakesi, mbewu imene timapangira ulusi, ndinaizula, ndinaiviika mumtsinje nditaima m'madzi ozizira mpaka miyendo kufa dzanzi. Ndinaipuntha, ndinaipesa, ndinapota ulusi mpaka zala kung'ambika. Chisanu chikafika ndinkakhala pa chowombera nsalu kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutatha. Anzanga onse anakwatiwa, ena anayamba kubereka. Pachitsime atsikana ang'onoang'ono ankandifunsa ngati ndikuwomba mapiko ena, ndipo wina anandipatsa dzina loti mkazi wa ndege, dzinalo n'kukakamira. Amayi analibe nthawi, anali otanganidwa kuonetsa alendo khola limene ngwazi inakhomeramo chinthu chake. Gligor ankadutsa pampanda nthawi zina ndi chisa cha uchi chokulunga m'tsamba. Sanali munthu wa mawu. Ankangofunsa kuti bokosi lafika pati, ine n'kumuonetsa ndi dzanja. Ndinkamukonda munthu ameneyo, ndipo pa tawulo lake la mkwati ndinapeta njuchi m'malo mwa maluwa.

Axinte anabwera m'chilimwe chachitatu, bokosi litatsala pang'ono kudzaza. Ndinamaliza zotsalazo mothamanga. A Paraschiva anabweranso kudzapekesa ndi kununkhiza, ndipo tinakhazikitsa tsiku, tikangotha kuthyola mphesa. Oimba zeze tinawauza kale. Nkhumba inali itanenepa.

Nthawi yonseyo nyuzipepala sizinamusiye Nichifor. Zinkamutcha wamantha, zinkati ndege yake yakalamba, anyamata a ku Faransa amupitirira. Iye analengeza kuti adzapikisana ndi mmodzi wa iwo ku tauni ya Galati, kaya kukhale mphepo kaya kusakhale. Mphepo inalipo. Anakwera, anatembenuka kamodzi, n'kugwa chamutu pamaso pa khamu lonse. Ena anati asilikali anamudulira waya, ena anati anali atamwa, ena anati ndege yakuba imathera choncho. Mpaka lero sanagwirizane. Mtembo unabwera pa sitima mphesa zisanathe m'minda.

Ndinalira, ndipo sindinalire mwachiphamaso. Anali mlongo wanga, amene ankandibereka kumsana powoloka mtsinje ndili mwana. Ndinkamuda ndipo ndinkamukonda, zonse pamodzi, moti sindinkadziwa kuti misozi ikuchokera mbali iti.

Koma Nichifor anamwalira asanakwatire. Munthu wotero kwathu timamuika ngati mkwati. Amamuveka za ukwati, anyamata amadula kamtengo ka paini kuti kakhale mkwatibwi wake, ndipo aliyense wonyamula bokosi la maliro, wonyamula mtanda, wokumba manda, amamangidwa tawulo lopeta pamkono. Pamphambano iliyonse amayala nsalu pansi kuti mzimu upeze mlatho wowolokera. Yogula siloledwa, akufa nawonso amaikana. Ndipo awa sanali maliro a mudzi. Uthenga unafika woti kukubwera nduna, asilikali, ophunzira a ku Bukaresti, aliyense akufuna kugwirako bokosi la ngwazi, ngakhale aja ankamutcha mbala.

Amayi anandipeza kuchipinda. Ulendo uno kiyi inali pakhosi panga, ndiye anachita kupempha.

"Zamfira, mwana wanga, tsegula."

"Amayi, kabwerekeni kwa anansi. Aliyense apereka."

"Mlongo wako alowe m'manda ndi nsalu zobwereka, dziko lonse likuona? Iwe uli ndi moyo, udzawomba zina. Iye sadzapemphanso."

Ndinawayang'ana. Anali atakalamba tsiku limodzi. Ndinavula kiyi ndekha, ndinatsegula ndekha. Amayi a m'mudzi analowa ndi malumo, a Paraschiva ali patsogolo. Podula nsalu yaikulu ya pabedi anaipekesa monga mwa chizolowezi chawo, nauza mnzawo kuti izi ndiye nsalu, zaposa zoyamba zija.

Maliro anali aakulu, sindikana. Mabelu analira m'chigwa chonse. Nsalu zanga zinayalidwa pamatope kuyambira pakhomo pathu mpaka kumanda, nsapato za akuluakulu zikupondapo. Nduna inalankhula nthawi yaitali, inati Nichifor sanakwatire chifukwa mkazi wake anali thambo, ndipo anthu analira mokweza. Gligor anagwira bokosi kutsogolo. Amene ankagawa matawulo sanasankhe, koma Mulungu nthawi zina amakonda nthabwala zowawa, chifukwa pamkono pake panali lija la njuchi.

Nyumba ya maliro siichita ukwati chaka chisanathe, aliyense amadziwa. Patapita masiku ochepa Gligor anaima pampanda pathu, chipewa chili m'manja, tawulo lija atalipinda bwinobwino. Anayang'ana pansi n'kunena kuti Axinte sangadikire, chifukwa mtsikana wake ali ndi pakati ndipo zayamba kuoneka. Anati mayi ake alankhula kale ndi makolo a Catinca, mwana wa wokhoma migolo, kuti iye Gligor akwatire ameneyo. Anati anayesa kukana. Mwina anayesadi, sindikudziwa. Kenaka anatambasula dzanja kuti andibwezere tawulolo.

"Ndi lanu," ndinatero. "Mwaligwirira ntchito."

Analiika m'thumba, n'kumapita.

Gligor ndi Catinca anawakwatitsa kusala kudya kwa Khirisimasi kusanayambe. Tsikulo ine ndi amayi tinali m'nyumba tikusenda nyemba, titavala zakuda. Ngolo ya Catinca inadutsa pamsewu wathu, mazeze akulira, anyamata akukuwa, oimba ake omwe aja tinawauza ife. Amayi ananyamuka, anatseka zenera, nabwerera pampando wawo.

"Anthu a m'mudzi muno alibe ulemu," anatero. "Kuimba chonchi, Nichifor wanga asanathe ndi chaka chomwe m'manda."