Galimoto ya Makatani

Alendo anga, banja lachikulire la ku Cape Town, anali ndi galimoto yaitali yoyera, ya makatani, bedi ndi sitovu m'kati. Anandilemba ganyu ku Chipata kuti ndiziwaonetsa malo akale. Titaona zojambula za pamiyala ku Thandwe, anafuna kukaona tchalitchi chakale cha ku Tamanda, ndipo msewu wake umadutsa pakhomo pa amayi anga.

Chifukwa cha maenje tinkayenda pang'onopang'ono, makatani ali otseka. Azimayi anayamba kusiya makasu m'minda ya mtedza n'kumatitsatira, manja ali kunkhongo. Apo ndinakumbukira kuti alongo anga, a Lovemore, anali m'chipatala ku Lusaka, ndipo kwathu galimoto yotere imabwera ndi maliro basi. Amayi amadwala mtima. Foni inalibe netiweki.

"Koma anthu ansangala!" anatero mayi wachilendoyo, akuwabayibitsa.

Ndinadumpha galimoto isanaimitsitse. Amayi anali atakhala kale pansi pabwalo.

"Amama, a Lovemore ali moyo! Ndi alendo awa!"

"Tsegula," anatero.

Ndinatsegula chitseko. Anakwera, anasisita bedilo, anasuzumira kunsi kwake. Kenako anakhala pabedipo.

"Iwe Tamiwe," anatero, "digiri yonse ija, osadziwa kutsegula makatani?"