Chitseko cha a Landilodi

Mwana wa mayi wogulitsa makala atagonekedwa m'chipatala chifukwa chotsekula m'mimba, a zaumoyo anatumiza mayi woyendera zaukhondo kunyumba za lendi kumene mwanayo ankakhala. Chimbudzi cha pamenepo chinali chitagwa ndi mvula, ndipo anthu ankangodzithandiza m'majumbo n'kuponya kuseri kwa mpanda.

Landilodi atamva mphekesera za ulendowo, anagula chitseko chatsopano, n'kuchikhomera pakhoma la mpanda, n'kulembapo ndi penti kuti CHIMBUDZI. Kuseri kwa khomalo anaimikako mlamu wake.

"Tsegulani ndione," anatero woyendera atafika.

"Muli munthu, mayi," anayankha landilodi uku akugogoda. Mlamu uja anatsokomola kuseriko, n'kuyamba kubuula.

"Ndidikira."

Anapempha mpando n'kukhala pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo. Telala wa nyumba yapakona ataona chitseko chonyezimiracho anathamanga kudzaima pambuyo pake. Kenako kunabwera mayi wamakala, ana asukulu, ngakhalenso mlonda wa sitolo ya kutsidya kwa msewu. Mzere unakafika kumpopi, ena mpaka kukanganirana malo.

"Achimwene m'katimo, mwadya miyala kodi?" anakuwa telala.

Landilodi anasendera kwa woyendera uja. "Ameneyo ndi wodwala kwambiri. Bwanji mubwere mawa, mayi?"

"Ngati akudwala chonchi, ndiye ndabwerera yemweyo. Sindichoka."

Dzuwa litapendeka, kubuula kunaleka. Posakhalitsa mlamu uja anatulukira pageti atagwira pamimba, poti kubuula kwa tsiku lonse kunali kutamuutsira zenizeni. Anayang'ana mzerewo, n'kukaima kumapeto.

"Iwe, ukutani kuno?" anakalipa landilodi. "Nanga m'katimo muli ndani?"

"Kaya, alamu. Inenso ndikudikira atuluke."

Woyendera ananyamuka n'kukoka chitseko. Chinazuka ndi misomali yomwe, kutsala njerwa zokhazokha. Telala anasuzumirabe pansi, mwina dzenje n'kukhalapo.

Woyenderayo sanakalipe. Anatengana ndi landilodi mpaka kumapeto kwa bwalo, kutali ndi mpopi, n'kulemba ndi chidendene pamene pakumbidwe dzenje. Anamuuza kuti akazengereza akaonana kukhoti. Anagawira anthu mankhwala othira m'madzi akumwa, n'kulamula kuti majumbo a kuseri aja akwiriridwe lisanalowe dzuwa.

Khasu loyamba analanda ndi mlamu, ndipo palibe anakumba mwaliwiro ngati iye.