Sopo wa Dzana

Amuna anga amanditchula Mayi Phuma, ndipo sanama. Kwa zaka khumi ndi ziwiri takhala tikupanga sopo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ine kusakaniza mafuta ndi soda, iwo kuthira m'chikombole. Sopo wathu ndi wa mizere itatu: wobiriwira pansi, woyera pakati, wachikasu pamwamba. Ukathira mtundu woyamba umadikira kuti ugwire. Ukafulumira, wachiwiri umamira n'kusokoneza zonse. Ukachedwa, mizere imakana kugwirana, sopo n'kugawanika podula. Nthawi yoyenerayo ankaidziwa ndi iwo. Ankangokhudza ndi msana wa supuni n'kuti, "Tsopano."

Mwezi watha anagwa pakhomo pa kachipindako, mbali yonse yakumanja n'kufa, n'kuwagoneka m'chipatala. Adokotala ndikawafunsa za mkonowo amangoyang'ana pepala. Eni akewo sadandaula za mkono. Nkhawa yawo ndi ine, kuti ndikatsala ndekha ntchitoyi ndidzaitha kapena ayi.

"Mayi Phuma, kathireni nokha," anatero tsiku lina, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa. "Mudzandionetse, mtima wanga ukhale pansi."

Ndinathira kanayi. Koyamba woyera unamira, panatuluka mtundu wa madzi otsukira mbale. Kachiwiri ndinachita kukhalira manja anga kuti ndisafulumire, koma podula mizere inasiyana, uliwonse kwaokha. Kachitatu ndi kachinayi musandifunse. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha mpaka msana kuwawa, nkhonoyo osasuzumira n'komwe. Ndinatukwana supuni, ndinatukwana chikombole, kenako ndinakhala pa ndowa n'kulira. Ndinali ndi mantha, ndipo ndikadali nawo.

Pamwamba pa shelefu panatsala sopo mmodzi wothira iwo asanadwale. Mizere yake inali yowongoka ngati yojambula ndi rula. Ndinamupukuta fumbi, kumukulunga m'pepala, ulendo wa kuchipatala.

"Bambo, si uyu," ndinatero ndikumwetulira mano onse. "Ndinathira dzana, ndadula m'mawa uno."

Anamulandira ndi dzanja lamanzere. Anamutembenuza, kumununkhiza, kuyang'ana mizere nthawi yaitali. Mayi wodwazika pa bedi loyandikana ndi lawo anasuzumira. "Koma ndiye luso, amayi! Ameneyu ine sindingasambire, n'kungomuika pawindo anthu aziona."

Amuna anga sanaseke. Anaika chala chachikulu pakati pa sopoyo n'kudinikiza. Anadinikizanso mpaka chikhadabo kuyera. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira. Sopo wa dzana amakhala wofewa, chala chimasiya kadzenje. Kuti aume gwa chonchi pamafunika milungu isanu ndi umodzi. Phuma langa lomwe lija, ngakhale bodza ndinalephera kulidikira kuti likhwime.

"Mwathira kangati?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kanayi."

"Palibe wogwira?"

"Palibe, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuti andinene, anditchule dzina langa lija, andiuze kuti ndikayesenso kachisanu. Sanatero. Anandibwezera sopoyo, n'kupinda zala zanga pa iye ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Ameneyu musagulitse, musasambirenso," anatero. "Anthu akamadzafunsa kuti kale munkagwira ntchito yanji, muzidzawaonetsa."