Akangaude m'bulauzi ya Nabanda

Ndinalota ndikutsegula sutikesi ya malemu mkazi wanga, Nabanda, momwe ndimasunga bulauzi yake yoyera ya kutchalitchi, imene ndinakaniza abale ake tsiku logawa zovala. M'mikono ya bulauziyo munatuluka akangaude akuda, onenepa ngati nthudza, n'kuyamba kundikwera m'miyendo. Ndinawamenya ndi tsache, ndinawaponda, koma aliyense amene ndapha ankaphulika n'kumwaza tiana. Nditati ndipemphere, ukonde unandimata pa lilime.

Kangaude wamkulu anakhala pa kolala n'kuyankhula ndi mawu a mlamu wanga, mng'ono wake wa Nabanda: "Alamu, mudzavala ndinu kodi? Ife tinabadwa naye, inu munangomupeza panjira."

"Choka m'nyumba mwanga, chilombo iwe!" ndinakuwa. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, bulauzi n'kung'ambika pakati.

Kutacha ndinathamangira kusutikesi. Bulauzi ndinaipeza yosang'ambika, koma pa kolala panali kaukonde. Mpaka lero sindikudziwa ngati malotowa akudzudzula mlamu kapena ine. Ndinakaniza anthu chovala chimene Nabanda ankaimbira nacho Mulungu, ndiye pano akuvala ndi akangaude.