Akapitawo Akukwawa

Sabata imene Tione anayamba kukwawa, agogo ake a ku Khonjeni anatumiza uthenga woti Loweruka akubwera kudzamutenga. Ankati nyumba za pa esiteti n'zothithikana, mbaula khomo lililonse, mwana adzapsa makolo ali m'munda wa tiyi.

Lestina, mayi wa Tione, mtima unamuwawa. Mwana woyamba, ndiye akakulire kutali? Koma amayi akewo, mayi Anesi, akanena anena basi.

Kusikelo, mlangizi wa zaumoyo anali atawauza kuti ukafuna kuona zimene zingavulaze mwana, ugwade n'kuyenda m'nyumba ngati mwanayo. Lestina msana unali utatheratu ndi dengu la tiyi, ndiye ntchitoyo anaikankhira kwa mwamuna wake.

"Ine kapitawo wathunthu, ndikwawe?" anatero a Goodson, munthu amene othyola tiyi makumi anayi ankanjenjemera akangotsokomola.

"Kwawani, bambo a Tione. Apo ayi mwana wapita."

Loweruka m'mawa akapitawo anakwawadi, akupuma mwawefuwefu. Pansi pa bedi anatulutsa mpeni wodulira tiyi, wakuthwa ngati lumo. Kuseri kwa chitseko anapeza botolo la chakumwa lodzaza palafini. Lestina ankalandira n'kumakweza pamwamba, manyazi atamugwira, poti botololo analiika ndi iye mwini.

Panja panaima kabaza. Mayi Anesi anangoti "Odi!" n'kulowa, ndipo anapeza mkamwini wawo ali chogwada pakhomo penipeni. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndiponso wina akagwada, mnzake sangaime chilili. Mayiwo anagwada msangamsanga, nkhope atalozetsa kumbali.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, kaya inu amayi?"

Moni unatha, koma palibe anafuna kuyamba kudzuka. Lestina anadziluma mlomo kuti asaseke.

Tione ataona akuluakulu ali pansi ngati iye, anasangalala, n'kudutsa pakati pawo molunjika ndowa ya madzi imene inali pakona. Anagwira m'mphepete, naimirira, mutu n'kuweramira m'kati. Agogo anamukoka mwendo.

"Iwe Lestina, ndowa yopanda chivundikiro? Mwana amamira m'madzi ochepa omwewa!"

Apo Lestina anafotokoza zimene bambo a Tione ankachita pansipo. Mayi Anesi anamanga chitenje bwinobwino n'kuyamba kukwawa nawonso, mkamwini kuchipinda, iwo pabalaza. Pansi pa mpando anatola mapiritsi awiri ndi singano.

Kenako mayi Anesi anakhala tsonga.

"Kwanga kuja mankhwala a makoswe ali pansi pa kabati," anatero chapansipansi. "Chitsime nachonso chili kukamwa yasa."

Atatero anatembenukira kwa Lestina.

"Mwanayu atsale konkuno. Koma uwauze bambowa, Loweruka likubwerali afike ku Khonjeni, adzakwawenso kwanga."