Phini wa a Thompson

Edwina anafika m'mawa kuchokera ku shifiti ya kuchipatala, mapazi akuwotcha. Patebulo la kukhitchini anapeza kabokosi kotsekula pafupi ndi chikwama cha Tiya, mwana wake. Munali phini wamkuwa, wopindika ngati kanyama ka mitu iwiri, wobiriwira ndi dzimbiri, timaenje take todzaza zinthu zothimbirira.

Anali wa a Thompson, mdala wa nyumba yoyandikana nayo. Anabwereka Tiya kuti akaonetse m'kalasi. Malemu akazi awo ndi amene anamutola m'munda, kufupi ndi khoma la Aroma amakedzana, kunja kwa mzinda wa Newcastle ku England.

Koma litsiro lonseli, pamaso pa aphunzitsi? Akanena kuti kwa Amalawi aja madzi sawadziwa.

Edwina anadula ndimu, kuthirapo mchere, n'kutenga waya wokwechera mapoto. Dzanja lake silidziwa kukwecha mwachifundo. Posakhalitsa mkuwa unayamba kung'anima.

"Mum!" Tiya anali ataima pakhomo, tayi ili m'manja.

"Usandikuwire, ndatopa. Waona mmene wawalira?"

"Mitundu ija ili kuti?" Mwanayu amayankha m'Chingerezi basi. "Munali buluu ndi zofiira m'timaenjemo."

"Linali litsiro."

"Linali galasi, Mum! Analisungunuliramo kalekale. Phiniyo ndi nzeru za Aroma, kanyamako ndi kupindika kwake ndi za Aselti, eni ake kuno. Ndimakafotokoza zimenezo lero."

Edwina anayang'anitsitsa. M'timaenje munalibe kanthu. M'sinki, pakasefa, panatsalira timibulu tabuluu tating'ono ngati shuga. Anatseka mpope. Ananyowetsa chala n'kumatola kamodzikamodzi, kuika pasosala. Tofiira tinali titapita ndi madzi.

"Guluu alipo m'dirowamo."

Tiya anapukusa mutu.

"Kutawuni sagulitsa wina?"

"Wa nthawi ya Aroma, Mum? Sitolo yake iti?" Ananyamula chikwama, n'kupukuta maso ndi tayi. "Ine a Thompson sindikawauza. Mukanene nokha."

Chitseko chinamenyetseka.

Edwina anakhala pansi. Mawu ouzira achibale kuti wodwala wawo watisiya ankawadziwa bwino, m'Chingerezi chomwe. A izi analibe. Anayesa kupaka phiniyo dothi la mu mphika wa maluwa, koma ankang'animabe.

Anatuluka ndi yunifolomu yomweyo, phini dzanja ili, sosala dzanja ili. Analiza belu ndi chigongono. Mkatimo anamva ndodo ya a Thompson ikugogoda pang'onopang'ono kulunjika kuchitseko, ndi mawu awo osangalala: "Ndikubwera, ndikubwera, musachoke!"