Maselo Okana Kulavula

Ku labotale komwe ankagwira ntchito ankamutchula Nachimfine, chifukwa mphaka akangodutsa, mphuno zake zinkayamba chipwirikiti. Choseketsa n'chakuti ntchito yake inalinso yomweyo. Ankaweta m'timbale maselo otchedwa masiti, omwe akaputidwa amalavula hisitamini, mankhwala amene amatiyetsemulitsa ndi kutiyabwitsa khungu.

Koma maselo akewo anali amwano. Ankawathira chowaputa, iwo ali duu. Abwana anali atanena kale kuti sabata ikatha popanda chooneka, timbaleto titayidwa, kafukufuku wake n'kuthera pomwepo. Zinkamuwawa kwambiri Nachimfine, poti ankawalera ngati khanda. Ankawatsuka ndi kuwasunga m'madzi a m'botolo la chivundikiro choyera, oti asalavule nthawi isanakwane.

Tsiku lina ataweruka, anapeza mwamuna wake pasofa, kamphaka kotola pamsewu kali pamiyendo.

"Bambo, mwandiyamba dala!" anatero, n'kuyetsemula motsatizana.

"Pepani mayi, kagona lero lokha," anayankha mwamunayo akuseka. "Komatu maselo a m'mphuno mwanuwa ndi akhama. Nanga a kuntchito akuvutiranji? Mumawamana chakudya?"

"Musandiseke inu. A m'thupi ali ndi zonse. Chowaputa chikagogoda, kashiamu amalowa m'selo, timatumba ta hisitamini n'kutseguka. Popanda kashiamu..."

Anatsala kukamwa kuli yasa. Madzi a m'botolo la chivundikiro choyera aja ndi otsukira, ndipo amawapanga dala opanda kashiamu. Iye, chifukwa chosamalitsa, ankawaputira maselowo momwemo, kenako n'kumawanena kuti ndi aulesi.

M'mawa analawira, mtima uli m'mwamba. Anasintha madzi, kuika okhala ndi kashiamu, kudonthezera chowaputa, n'kupita nazo pamakina oyezera. Mzere woonetsa hisitamini pamakinapo, womwe masiku onsewa unkangogona, unadzuka n'kukwera osayang'ana m'mbuyo. Nachimfine anakuwa, anavina magolovesi ali m'manja, mpaka abwana anatuluka mu ofesi kudzaona amene wapsa. Atayang'ana pagalasi la makinawo, anangoti, "Timbale timeneti asatikhudze munthu."

Pobwerera anadzera m'sitolo kukagula kambale kakang'ono ndi mapiritsi a chimfine. Anapeza mwamuna wake pakhomo, ataika kale kamphaka kaja m'katoni kuti akakasiye kwa achemwali ake.

"Mukupita nako kuti?"

"Paja tinapangana kuti lero lokha."

"Katulutseni, bambo," anatero Nachimfine, maso ali psuu, misozi ya chimfine ndi ya chimwemwe itasakanikirana. "Ameneyu ndi mnzanga wa kuntchito."

Anakanyamula yekha, n'kuyetsemula mpaka kamphakako kanadzidzimuka.